Harness ya ma relay ya nyali za H4: imagwira ntchito, koma yezani kaye musanaigule

Katundu amene tikuunika pano ndi harness (mtolo wa mawaya olumikizidwa kale) ya nyali zakutsogolo za galimoto, ija imagulitsidwa m'kathumba ka pulasitiki kopanda dzina la kampani yodziwika. M'kathumbamo mumakhala ma relay awiri (relay ndi swichi imene imayatsidwa ndi magetsi ochepa kuti idutsitse magetsi ambiri), fyuzi imodzi kapena ziwiri, mapulagi awiri olowa kumbuyo kwa mababu a H4 (aja okhala ndi timawaya tiwiri mkati, ka dimu ndi ka fulu), pulagi yachitatu yolumikizira ku soketi yakale ya galimoto, ndi mawaya okhala ndi timphete tomangira pa batire ndi pa bodi. Ogulitsa amati mukaimanga nyali ziwala ngati masana. Pa magalimoto ena zimathekadi. Pa ena n'kutaya ndalama chabe, ndipo amene angakuuzeni gulu la galimoto yanu ndi multimeter, chida choyezera magetsi, osati wogulitsa.

Nzeru yake ndi yabwino, palibe chotsutsa. Pa magalimoto ambiri akale magetsi a nyali amayenda ulendo wautali: kuchoka pa batire, kudutsa m'bokosi la mafyuzi, kukwera ku swichi ya pa chiwongolero, kudutsa posinthira dimu ndi fulu, kenako kubwerera kutsogolo kudzera m'mapulagi angapo. Paliponse pamene zitsulo ziwiri zakhudzana pamadyeka kamphamvu, ndipo zaka zikamapita dzimbiri ndi kutentha zimakulitsa kudyekako. Harness imadula ulendowo. Mawaya akale amatsala ndi kantchito kodzutsa koyilo ya relay (kawaya kokulungidwa mkati mwake kamene kamaiyatsa), yomwe imakoka 0.15 mpaka 0.2 A basi (A ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi), pomwe magetsi enieni a mababu awiri, pafupifupi 10 A, amachoka pa batire, kudutsa pa relay, n'kufika pa babu atayenda mamita awiri kapena atatu okha.

Kutaya volt (V) imodzi ya mphamvu m'njiramo ndi nkhani yaikulu chifukwa kuwala kwa babu la halogen kumagwa msanga kuposa mphamvu imene yachepa. Babu la H4, lomwe linayamba kupezeka mu 1971, limalembedwa 12 V 60/55 W, koma kuwala kwake kovomerezeka, ma lumen (muyezo wa kuwala) 1650 pa fulu ndi 1000 pa dimu, kumayezedwa pa 13.2 V. Mphamvu ikatsika ndi 5 peresenti, kuwala kumatsika ndi pafupifupi 15 peresenti. Ikatsika ndi 10 peresenti, mwataya pafupifupi 30 peresenti. Choncho galimoto imene alternator yake (makina otchaja batire) ikupereka 14.2 V, koma pa babu pakufika 12 V yokha, ikuyenda usiku ndi kuwala kosakwana magawo atatu mwa anayi a kumene babulo linapangidwira. Mwini wake amasintha mababu kawiri katatu osaona kusintha kulikonse, poti vuto silili m'babu.

Kuyeza kwake n'kosavuta, koma ambiri amalakwitsa pamodzi. Amazula pulagi pa babu, n'kuyeza pa soketi yopanda kanthu, n'kuona 12.6 V kapena 14 V, basi n'kulengeza kuti waya ali bwino. Kuyeza kotere sikukuuzani chilichonse. Multimeter imakoka magetsi ochepetsetsa moti ngakhale waya amene watsala ndi kaulusi kamodzi ka kopa amaonetsa mphamvu yonse. Vuto limaonekera pokhapokha babu likuyaka. Ndiye siyani pulagi pamalo pake, lizani injini, yatsani dimu, ikani multimeter pa 20 V DC, muyambe ndi batire. Payenera kuoneka pakati pa 13.8 ndi 14.4 V. Pakaoneka 12.5 V kapena kutsika apo injini ikulira, iwalani kaye za harness, kayang'aneni alternator ndi lamba wake. Pakapyola 15 V ndiye kuti regulator, kachida koletsa alternator kupereka mphamvu yopyola muyezo, yafa, ndipo ndi imene ikukupserezerani mababu pafupipafupi.

Pa batire pakakhala bwino, ikani waya wofiira wa multimeter pa mutu wa pozitivi, wakuda muulowetse kumbuyo kwa pulagi ya babu pomwe pakulowera magetsi. Kasingano kapena kawaya kolimba kamathandiza kufika pa chitsulo. Nambala imene ikuoneka ndi mphamvu imene ikutayika m'njira, ndipo isapyole 0.5 V. Kenako yezani njira yobwerera: wofiira pa phini ya earth ya babu (yobwezera magetsi ku bodi ya galimoto), wakuda pa mutu wa negativi. Apa pamafunika 0.2 V kapena kucheperapo. Bwerezani pa fulu, ndiponso pa nyali ya mbali inayo, chifukwa mbali ziwirizi kawirikawiri sizifanana.

Mukaphatikiza manambala awiriwo n'kupeza 1 V kapena kuposa, ndipo kutayikako kwamwazikana m'mawaya ndi m'swichi, harness ikuthandizani ndipo kusinthako mudzakuona ndi maso. Mukapeza 0.4 V yonse pamodzi, sungani ndalama zanu. Mukapeza kuti zonse zikutayikira malo amodzi, monga pa bawuti ya earth yochita dzimbiri kapena pa timano togwira fyuzi, konzani pomwepo ndi sandipepala. Kuti mupeze malowo, siyani waya wofiira pa batire, wakudayo muzisuntha kutsata njira ya magetsi, pa fyuzi, pa swichi, pa pulagi iliyonse. Pamene nambala yadumpha ndi pamene pali chilonda.

Earth yoipa ili ndi chizindikiro chake chosasokoneza. Nyali imodzi imayaka mofiirira ngati khala, ndipo mukasuzumira m'babu mumaona timawaya tonse tiwiri, ka dimu ndi ka fulu, tikuyaka mofooka nthawi imodzi. Magetsi amakhala atasowa njira yawo ya ku bodi, ndiye amadutsa m'kawaya kachiwiriko n'kukatulukira ku nyali ya mbali inayo. Nthawi zina kanyali ka buluu ka pa dashibodi, kosonyeza kuti muli pa fulu, kamayaka mwakutali muli pa dimu. Vutoli likonzeni musanamange harness, chifukwa makoyilo a ma relay amadalira soketi yakale yomweyo. Mukalumikiza ku soketi yopanda earth yabwino, ma relay sadzuka bwino ndipo mudzanamizira katundu watsopano.

Palinso zina zimene harness singachite. Galasi la pulasitiki lochita chikasu, chonyezimira cha mkati chimene chathimbirira, nyali yoloza m'mwamba kapena pansi kwambiri, babu lokalamba lodera mkati, swichi yoferatu: zonsezi zimatsala momwe zinalili.

Tsopano za katundu mwiniwake. Apa ndi pamene mbiri yake imaonongekera, ndipo poyambira ndi waya. Kunja amaoneka wonenepa, koma pa ma harness ambiri otchipa kunenepako ndi kwa pulasitiki, kopa wa mkati ndi wochepa. Waya wa kopa wa 2.5 mm² amakhala ndi pafupifupi 0.007 ohm (muyezo wa kukaniza magetsi) pa mita iliyonse, choncho 10 A ikayenda mamita atatu imataya 0.2 V. Wa 1 mm² pa mtunda womwewo amataya 0.5 V. Choipa kwambiri ndi waya wa aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, amene amatchedwa CCA. Ameneyu amakaniza magetsi kuposa kopa weniweni ndi theka kapena kuposerapo, moti wa 1 mm² amadya pafupifupi 0.8 V. Mwagula harness kuti mupulumutse volt imodzi, iyo n'kudya 0.8 V, phindu lake lili pati? Kuwonjezera apo aluminiyamu amathyoka msanga ndi kugwedezeka kwa galimoto ndipo amafumbwa akakumana ndi chinyezi. Kumuzindikira n'kosavuta: sendani kumapeto pang'ono, palani kaulusi kamodzi ndi mpeni. Kakayera mkati ndi CCA. Mukakayandikiza ku moto kamakwinyika n'kugwa, pomwe ka kopa kamangofiira kali chiimire. Waya wochoka pa batire akhale wa kopa wa 2.5 mm² kapena kuposa. Nthambi zopita ku babu lililonse zisachepere 1.5 mm².

Kokani mwamphamvu kamphete kalikonse ndi phini iliyonse musanamange. Pa katundu wotchipa si zachilendo kuti waya asololoke n'kutsala m'manja mwanu, chifukwa makina sanafinye mokwanira. Kuli bwino asololokere pa tebulo kusiyana ndi pa msewu usiku.

Ma relay ake amalembedwa 40 A, ena mpaka 80 A. Manambalawo musawakhulupirire kwambiri, ngakhale kuti pa 10 A ambiri amapirira ndithu. Chimene chimawapha kawirikawiri ndi madzi. Ubwino waukulu wa harness imeneyi, umene ukuchititsa kuti tiivomereze, ndi wakuti ma relay amakhala pa masoketi ofanana ndi a ma relay wamba a miyendo inayi kapena isanu. Mutha kuwazula n'kuikapo a Bosch kapena Hella. Mtundu wina umabwera ndi ma relay omatidwa m'kabokosi kosatsegulika. Umenewo usiyeni, chifukwa imodzi ikafa mwataya harness yonse. Manambala a pa miyendo amatsata muyezo wa ku Germany wa DIN 72552: 30 amalandira magetsi a batire, 87 amapereka ku babu, 85 ndi 86 ndi a koyilo. Poyeza, pakati pa 85 ndi 86 payenera kuoneka 60 mpaka 100 ohm, ndipo mukapatsa 12 V pamenepo mumve kulira kwa "tha". Kulirako pakokha si umboni wakuti relay ili bwino. Nyali zikuyaka, yezani pakati pa 30 ndi 87. Mukaona kupyola 0.2 V ndiye kuti timano ta mkati tapsa.

Posintha relay pali misampha itatu imene imakola ngakhale amakaniko. Woyamba ndi mwendo wapakati. Pa ma relay ena ndi 87 wachiwiri, ndipo harness zina zimaugwiritsa ntchito kudyetsa nyali ya mbali inayo. Pa ma relay ena mwendo womwewo ndi 87a, umene umakhala ndi magetsi pamene relay yazima. Mukasokoneza, nyali imodzi imayaka galimoto itazimitsidwa, n'kuzima mukayatsa swichi, ndipo batire limatha usiku umodzi. Wachiwiri ndi wakuti pali masanjidwe awiri a miyendo, ndipo 30 ndi 86 amasinthana malo. Relay imalowa bwinobwino pa soketi koma sigwira. Wachitatu ndi ma relay okhala ndi diode mkati (kachida kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha), amene amafuna pozitivi pa 86 ndi negativi pa 85. Mukatembenuza, diode imapsa kapena fyuzi imaduka. Werengani kachithunzi ka pa relay yakale ndi yatsopano musanalowetse.

Fyuzi ndi pamene opanga ambiri anachita ulesi. Fyuzi imodzi ya 30 A, yobiriwira ija, yoteteza dimu ndi fulu pamodzi, ndi mapangidwe oipa. Ikaduka muli pa liwiro, mdima ndi wathunthu, palibe kothawira. Komanso fyuzi imateteza waya, osati babu, ndipo waya woonda akhoza kutentha n'kusungunula pulasitiki yake fyuzi ya 30 A isanaganize zoduka. Sankhani harness ya mafyuzi awiri, imodzi ya dimu ina ya fulu, iliyonse ya 15 A, yomwe ndi ya buluu, kapena ya 20 A yachikasu ngati waya ndi wa 2.5 mm² weniweni. Ikhale pafupi ndi batire, osapyola masentimita 30, chifukwa kachigawo ka waya kochokera pa batire kufika pa fyuzi kalibe chitetezo chilichonse. Kabokosi ka fyuzi kakhale ndi chivindikiro chotseka madzi.

Mapulagi a ceramic amene amanyadiridwa pa malonda ndi abwino, sasungunuka. Koma chimene chimasungunula pulagi kawirikawiri si kutentha kwa babu, ndi timano tolobodoka. Pakakhala 0.2 ohm yokha pa phini imene ikudutsa 5 A, pamabadwa kutentha kwa 5 W pa kamalo kochepa ngati kambewu, ndipo pulasitiki singapirire. Ceramic imapirira, koma waya wa kumbuyo kwake amapsabe. Lowetsani babu m'pulagi muli chigwirire m'manja: lilowe molimba, lifune mphamvu pozula. Likangolowa lokha, finyani timanoto pang'ono ndi pulayazi.

Chinthu chimene mapepala a m'kathumba satchula n'komwe ndi chakuti magalimoto sasintha dimu ndi fulu mofanana. Pa ambiri, swichi imatumiza pozitivi ku kawaya ka dimu kapena ka fulu, ndipo phini yachitatu imapita ku bodi. Pa magalimoto ambiri a Toyota, kuphatikizapo Hilux ndi Land Cruiser akale, zili motembenuka: phini yachitatu ija ndi imene imalandira pozitivi, ndipo swichi imasankha kawaya koti kalumikizidwe ku bodi. Kuti mudziwe, zulani mapulagi a nyali zonse ziwiri, chifukwa babu la mbali inayo likatsala limabweza magetsi n'kukusokonezani. Yatsani dimu, yezani phini iliyonse ndi bodi. Phini yapamwamba ndi ya dimu. Ikakhala ndi 12 V pa dimu n'kutaya pa fulu, galimoto yanu ndi ya mtundu woyamba. Phini ya m'mbali ikakhala ndi 12 V pa dimu ndi pa fulu pomwe, ndi ya mtundu wachiwiri. Pa mtundu umenewu kutayika kwakukulu kumaonekera pa njira yobwerera, popeza swichi ili kumeneko.

Harness imene makoyilo ake alumikizidwa pakati pa maphini atatu a pulagi okha, popanda diode ndi popanda waya wopita ku bodi, imadzuka pa mitundu yonse iwiri. Imene koyilo yake inamangidwa ku bodi sigwira bwino pa mtundu wachiwiri: ma relay sadzuka, kapena amangokhala chidzukire. Ngakhale yogwirayo ili ndi kavuto kena. Pa mitundu ina ya Toyota kanyali ka buluu ka pa dashibodi kamalandira magetsi kudzera m'kawaya ka dimu ka babu. Babu likachoka pa soketi yakale, m'malo mwake mukhala koyilo ya relay, kanyaliko sikayaka, ndipo relay ya dimu ikhoza kukhala chidzukire muli pa fulu. Timawaya tonse tiwiri tikamayaka limodzi, babu la H4 limatentha mopyola ndipo silikhalitsa. Pa magalimoto amenewa gulani harness yolembedwa kuti ndi ya negative switched, lomwe ndi dzina la mtundu wachiwiriwu.

Pa magalimoto atsopano amene nyali zake zimalamulidwa ndi kompyuta, musaimange. Kompyuta imayeza magetsi amene babu likukoka, ikaona 0.2 A m'malo mwa 5 A imaganiza kuti babu lapsa, n'kuyatsa chenjezo kapena kudula magetsi. Ena amayatsa nyali za masana pochepetsa mphamvu ya fulu, ndipo relay ikalandira mphamvu yodukizadukiza imeneyo imanjenjemera ngati njuchi mpaka kufa. Ndiponso ambiri mwa magalimoto amenewa ali kale ndi njira yaifupi yochokera m'bokosi la mafyuzi la mu boneti.

Kumanga kwake kumatenga ola limodzi. Chotsani kaye mutu wa negativi pa batire. Ma relay amangidwe miyendo italoza pansi kuti madzi asadikhe m'soketi, kutali ndi paipi ya utsi. Waya wopita ku nyali yakutali adutse pa chitsulo cha pamwamba pa radiator, kutali ndi fani ndi malamba, womangidwa pa masentimita 20 kapena 30 alionse, ndipo podutsa pa chitsulo chakuthwa avekedwe kapaipi ka pulasitiki. Earth ya nyali iliyonse imangidwe pa chitsulo chenicheni cha bodi: palani penti mpaka chitsulo chiwale, mangani bawuti molimba, kenako pakani girisi pamwamba. Musamange pa chogwirira radiator kapena pa chitsulo china chokhala pa labala. Soketi yakale imene yatsala yopanda ntchito imakhalabe ndi magetsi, ndiye ikulungeni ndi tepi n'kuimangirira. Labala wotseka kumbuyo kwa nyali abwerere pamalo pake, apo ayi nthunzi ilowa. Galasi la babu musaligwire ndi zala. Mafuta a pakhungu amachititsa kuti pamalopo patenthe mopyola. Mwaligwira mwangozi, pukutani ndi spiriti.

Mukatha, bwerezani kuyeza kuja. Pa harness ya waya wabwino, pa babu payenera kufika mphamvu yotsika ndi 0.3 mpaka 0.5 V kuyerekeza ndi ya pa batire. Konzekerani chinthu chimodzi: mababu tsopano sakhalitsa monga kale. Mphamvu ikakwera ndi 5 peresenti, moyo wa babu la halogen umatsika pafupifupi ndi theka. Babu limene linkakhala zaka pa 12 V linkakhalitsa chifukwa cha njala yomweyo, ndipo lakale likapsa patangotha milungu yochepa, harness sinalakwe. Mababu olonjeza kuwala kowonjezera ndi amene amafa msanga kwambiri pa mphamvu yonse. A wamba a Osram kapena Philips amakwanira. A 100/90 W harness yabwino imawanyamula, koma m'mayiko ambiri saloledwa pa msewu, amathimbiriritsa chonyezimira cha pulasitiki, ndipo amathobwa m'maso oyendetsa anzanu. Popeza kuwala kwachuluka, yang'ananinso koloza nyali: galimoto iime pamalo osalala mamita 10 kuchoka pa khoma, ndipo ngati pa nyali palembedwa 1.0%, malire a dimu atsike masentimita 10 kuchoka pa msinkhu wa pakati pa nyaliyo.

Monga imachokera m'kathumba, harness yotchipa tingaipatse nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ya waya wa kopa ndi mafyuzi awiri, itavekedwa ma relay odalirika, ikuyenera zinayi ndi theka. Theka lotsalalo latayika chifukwa relay imodzi imanyamula dimu ya mbali zonse ziwiri, pomwe magalimoto ambiri anapangidwa ndi fyuzi yakeyake kumanzere ndi kumanja. N'chifukwa chake masoketi akale musawadule, ndipo muwamangirire pamalo pofikika ndi dzanja. Relay ya dimu ikafa pa ulendo, izuleni n'kuikapo ya fulu, popeza n'zofanana. Zikakanikabe, zulani mapulagi a harness pa mababu, masulani tepi ija, bwezeretsani masoketi akale, ndipo nyali ziyaka monga zinkayakira kale.